Kodi mtsogoleri watsopano wa Apalestina angaletse kukhetsa mwazi?

FUNSO: Akonzi, ndamva kuti Mahmoud Abbas, mtsogoleri wa Apalestina, wakalamba ndipo posachedwa pampando wake pakhala wina. Kodi munthu watsopanoyo angathe kuletsa ziwawa kuti Apalestina ndi Aisraeli akhalenso pansi n'kukambirana za mtendere? — Wowerenga wanu

YANKHO: Zikomo pofunsa. Funso lomweli ndinadzifunsapo mu 2005, khutu lili pa wailesi, ndipo ndinadziyankha kuti inde. Yasser Arafat, amene ankatsogolera Apalestina, anali atangomwalira ku France mu Novembala 2004. Mu Januwale 2005 Abbas anapambana chisankho ndi mavoti 62 pa 100 aliwonse, munthu woti ankanena poyera kuti mfuti sizidzawabweretsera dziko. Mwezi wotsatira anagwirana chanza ndi Ariel Sharon, nduna yaikulu ya Israel panthawiyo, ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, nalengeza kuti kumenyana kuleke. Mtima wanga unakhala pansi.

Sizinachedwe kusokonekera. Israel inachotsa asilikali ndi nzika zake ku Gaza, limodzi mwa madera awiri a Apalestina, chaka chomwecho, koma inachita mwa yokha, osati mwa pangano ndi Abbas. Anthu a ku Gaza anati zatheka chifukwa cha zida za Hamas, gulu lachisilamu la Apalestina lomenyana ndi Israel. Mu Januwale 2006 Hamas inatenga mipando 74 mwa 132 ya nyumba ya malamulo, ndipo mu Juni 2007 inathamangitsa Fatah, chipani cha Abbas, ku Gaza. Kuyambira pamenepo mawu a Abbas samveka kumeneko.

Ngakhale ku West Bank, dera lina la Apalestina, mphamvu zake n'zochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Pangano la Israel ndi Apalestina la 1995 linagawa derali patatu, ndipo gawo lotchedwa Area C, pafupifupi 60 pa 100 ya malo onse, lili m'manja mwa Israel. Misonkho ya katundu wolowa imatoleredwa ndi Israel, ndipo ikaigwira, aphunzitsi ndi apolisi a ku Ramallah, komwe kuli boma la Abbas, amalandira malipiro operewera. Taganizirani wapolisi ameneyo: m'mawa atumidwe kukalanda mfuti kwa mnyamata wa mumzinda wa Jenin, madzulo abwerere kwawo n'kupeza mlamu wake waletsedwa kukathyola maolivi m'munda wa makolo ake chifukwa mudzi wa Aisraeli wamangidwa pafupi. Anzake amutcha kapolo wa adani. Adzapirira mpaka liti?

Sindikuchepetsa mlandu wa Hamas, ayi. Anthu pafupifupi 1,200 amene anaphedwa pamene Hamas inaukira Israel pa 7 Okutobala 2023 anasiya Aisraeli ambiri osakhulupiriranso kukambirana, ndipo anthu zikwizikwi amene afa ku Gaza chiyambire tsikulo asiya mabala omwewo mbali inayo. Zokambirana zenizeni zomaliza zinagwa mu 2014.

Ndiye yankho langa ndi lakuti nkhope yatsopano payokha singathe. Afunika akhale wosankhidwa ndi anthu, pakuti chisankho cha pulezidenti sichinachitikenso chichokere 2005, ndipo cha 2021 Abbas anachiimitsa. Hussein al-Sheikh, amene anakhala wachiwiri kwa Abbas mu 2025, anachita kuikidwa. Afunikanso akhale ndi chogwirika choonetsa anthu ake: msewu wotsegulidwa, mudzi woleka kumangidwa, akaidi obwerera kwawo.

Amene Apalestina ambiri amamutchula akafunsidwa ndi Marwan Barghouti wa Fatah. Ameneyu ali m'ndende ya Israel kuyambira 2002, ndipo khoti la kumeneko linamupeza ndi milandu ya kupha, n'kumulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Kuti atuluke kapena asatuluke, olamula ndi a ku Israel, ndipo mpaka pano akana.