Lifiti ya galimoto mu galaja ya denga lalifupi: yezani ndi kuboola pansi musanalipire

Achimwene, mwati galaja yanu ya ku Salima ndi mamita 2.7 kuchoka pansi kufika kudenga, ndipo mukufuna lifiti yonyamula Hilux ndi ka Vitz ka mayi akunyumba. Za komwe mungapeze ngongole yogulira ndisiyira ena. Ine ndikamba za denga, za pansi ndi za magetsi, chifukwa mpomwe ndalama za anthu zimatayikira.

Tengani tepi mukayezenso. Musayeze mpaka pa malata ayi, yezani mpaka pa chinthu chotsika kwambiri, kaya ndi thabwa lammunsi la thirasi (chimango cha matabwa chonyamula denga), kaya getsi. Hilux msinkhu wake ndi pafupifupi mamita 1.8, Vitz pafupifupi 1.5. Mukasiya mpata wa masentimita 10 pamwamba, Hilux ingakwere masentimita 80 basi, Vitz ingakwere mita 1.1. Apo simungaimirire kunsi kwa galimoto, muzigwira ntchito mutakhala pa kampando ka matayala. Kuti munthu aimirire, lifiti imakweza mamita 1.8 kapena 1.9, ndiye denga liyenera kupitirira mamita 3.6. Ngati Hilux ili ndi keliyala pamwamba, chotsaninso msinkhu wake. Boneti yotsekula ndi chitseko chakumbuyo cha Vitz anthu amaziiwala, ndipo ndi zimene zimayamba kugunda thirasi.

Ndaona ena akuti gulani lifiti ya mizati iwiri basi, yomwe imamangidwa pansi ndi mabawuti. Akanayamba afunsa kaye mizatiyo kutalika kwake. Ya chitsulo chopingasa pamwamba imafuna mamita 3.6 kapena kuposa, ndiye iwaleni. Ya chitsulo chodutsa pansi mizati yake imakhala mamita 2.8 kapena 2.9, yalephera kale kulowa mwanumo pokhapokha mizatiyo itagwera pakati pa mathirasi ndipo mulibe siling'i. Imafunanso galaja ya mamita 4 mulifupi, chifukwa yokha imadya mamita 3.3 kapena 3.4, pomwe magalaja ambiri a m'nyumba zathuzi ndi mamita 3. Komanso ilibe choimitsa pamwamba: mukasindikiza batani maso ali kwina, imakweza mpaka denga la galimoto litaphwanyika. Mukaigula, waza magetsi akuikireni limit switch yoti izidula mota pa msinkhu womwe mwayeza.

M'galaja yanuyo chokwanira bwino ndi lifiti ya sizasi (ya miyendo yopingasana ngati sizasi) yokweza theka, ya matani 3. Ikakhala pansi ndi masentimita 10 mpaka 12, imakweza pafupifupi mita imodzi (koma Hilux isapitirire masentimita 80 aja), ndipo katundu amatsikira pansi molunjika, sakoka mabawuti. Pa mabuleki, mashokopu, mabushi, ma CV joint ndi kusintha oyilo, ndi yabwino zedi. Vuto lake imatseka pakati pa mimba ya galimoto, kotero giyabokosi, propshaft ndi ekizozi ya Hilux muzivutika nazo. Funsani wogulitsa akupatseni malabala aatali ofika pa chesesi, chifukwa Hilux sinyamulidwira m'mbali mwa bodi ngati Vitz.

Musadule thabwa lammunsi la thirasi pofuna mpata. Ndilo limagwira kuti denga lisakankhire makoma kunja. Likadulidwa, khoma limayamba mng'alu pakona, ndipo mphepo ya mwera ikawomba malata amapita. Ngati mukufunitsitsa kuimirira kunsi kwa galimoto, ndi bwino kumanga shedi pambali pa nyumba, ya mapaipi achitsulo a mamita 4, kusiyana ndi kusasula denga la galaja.

Tsono za pansi, apa ndiye mvetserani, chifukwa lifiti ya mizati iwiri ikapha munthu nthawi zambiri wolakwa ndi konkireti. Galimoto ikakhala mmwamba, mzati umafuna kuweramira mkati, ndipo mabawuti akumbuyo kwake amakokedwa ngati msomali womwe ukuzulidwa. Pansi pa magalaja ambiri pamakhala konkireti ya mamilimita 75 mpaka 100, ya simenti yochepa, pamwamba atapaka fulowa yosalala yooneka ngati yolimba. Tengani drill ndi biti ya mamilimita 10, boolani malo anayi pomwe mizati idzaime, lowetsani waya wopinda kunsonga mukole kunsi kwa silabu, muyeze. Mukaona biti ikulowa mosavuta ndipo fumbi likutuluka lofiirira ngati mchenga, pamenepo si poika lifiti. Fulowa yapamwambayo musaiwerengere. Bawuti yomangidwa pa konkireti yofooka imagwira tsiku loyamba, kenako mumaona timing'alu tozungulira ngati mbale, sipanala ikuzungulira osalimba, ndi kampata kolowa mpeni pakati pa chitsulo ndi pansi.

Mabuku a malifiti a mizati iwiri a matani 4 amafuna konkireti ya mamilimita 150 mpaka 200, ya C25 (nambala ya kulimba kwa konkireti). Kuno kunyanja onjezerani, chifukwa malo ena ndi mchenga wokhawokha ngati cha ku Senga Bay, ena ndi makande otupa dzinja nkung'ambika m'chilimwe. Gumulani chigawo chimodzi chonyamula mizati yonse iwiri, mamita 4 mulitali, 1.5 mulifupi. Kumbani, sinjani miyala pansi mpaka isatitimire, yalani pulasitiki, mangani zitsulo za Y12 (zonenepa mamilimita 12) motalikirana masentimita 20, ndipo thirani konkireti ya mamilimita 250. Imeneyo ndi ma cubic metre 1.5, matumba pafupifupi 11 a simenti ya giredi 42.5. Pa thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga wa mumtsinje wosefa ndi wilibala imodzi ndi theka ya kwale. Omanga amakonda kuchulutsa madzi kuti fosholo ipepuke, muime pompo muwaletse. Ndi kutentha kwa Salima mu Okutobala konkireti imauma isanakhwime, ndiye ifunditseni masaka onyowa, muzithirira masiku osachepera 7, ndipo musaboole mpaka masiku 28 atakwana. Jambulani pomwe zitsulo zadutsa musanathire, kuti biti isadzakumane nazo. Bawuti iliyonse italikire m'mphepete kapena mng'alu ndi masentimita osachepera 15, muuzire fumbi m'bowo, ndipo mumange ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) pa mlingo wa m'buku, osati ndi mfuti ya mpweya.

Amene akuti ingokumbani dzenje lolowera kunsi kwa galimoto m'malo mogula lifiti, kaya amakhala kumtunda. Kuno madzi ali pafupi, pofika Febuluwale dzenjelo ndi chitsime cha udzudzu, ndipo mpweya wa petulo umatsikira momwemo nkukhazikika. Zowotcherera lifiti yanuyanu kwa awelda nazo ayi, loko wake wogwira galimoto kuti isagwe palibe anamuyesa.

Magetsi a m'nyumba a ESCOM ndi single phase, 230V, 50Hz. Malifiti ambiri ochokera ku China ndi ku Johannesburg amabwera ndi mota ya 380V ya three phase, yomwe singayende pa magetsi amenewa, ndipo a ku America ena ndi 110V, 60Hz. Wogulitsa akujambulireni kachitsulo kolembedwa pa mota musanatumize ndalama. Mota ya 2.2 kW ikhale ndi waya wakewake wa 4 mm² kuchoka pa bokosi ndi breaker yakeyake, osati pa ekisitenshoni. Madzulo magetsi akafooka musaikakamize, ikangong'ung'udza osazungulira siyani batani, apo ayi kapasita kapena mota imapsa. Funsaninso ngati ili ndi valavu yotsitsira pamanja, poti magetsi akhoza kuzima galimoto ili mmwamba.

Mtengo ndinena m'madola chifukwa wa kwacha sukhala sabata: ya sizasi kapena ya mizati iwiri ya ku China imayenda cha m'ma 1,500 mpaka 3,000, musanaonjeze thiransipoti ndi msonkho wa MRA. Oyilo wa hydraulic nthawi zambiri sabwera nayo, mugule malita 10 mpaka 12, wa nambala 46 poti kuno nkotentha. Mukakweza, nthawi zonse tsitsirani pa maloko musanalowetse mutu, galimoto isatsamire pa oyilo. Mabawuti muwayesenso pakatha sabata yoyamba, kenako mwezi ndi mwezi.