FUNSANI AMISIRI: Chitsulo chozungulira kamodzi n'kuima ichi n'cha chiyani?

Zikomo amisiri. Ine ndimakonza makina osindikizira ndi mafotokope, ndiye posachedwapa ndinagula mulu wa zitsulo zakale ku kampani ina yomwe inkatumiza makalata ambirimbiri kwa makasitomala ake, mabilu ndi masitetimenti aja, pano anasiya poti zonse akungotumiza pa imelo. Anandiuza kuti zambiri zinachoka m'chimakina choika makalata m'maenvelopu koma munthu amene ankachidziwa anachoka kalekale. Malamba ndi marola ndawazindikira, chandizunguza mutu n'chimodzi. Kukula kwake ngati chibakera, cholemera ndithu, pakati pali bowo lolowa shafti ndipo chakhala pa kapuleti kachitsulo. Chili ndi mkombero wakuda wokhala ndi dzino limodzi lokha, pambali pali kabokosi ka mawaya awiri ndi kamkono komwe kamatsamira pa dzino lija. Ndikakankha kamkonoko ndi chala n'kupotokola, mbali zonse ziwiri zimayendera limodzi, zikazungulira kamodzi zimangoti gwa, kuima. Kamkono kakakhala pa dzino, mbali imodzi imangozungulira yokha. Ndikati ndibweze m'mbuyo chikukana. Kapepala ka dzina kanafufutika, kwangotsala 24V ndi kamuvi. Mnzanga akuti ndi mota yakufa nditaye, ine ndikukaika poti mota sichita choncho. N'chiyani ichi, chili ndi ntchito kapena ndingopereka kwa ogula zitsulo zakutha?

Makaniko wodabwa

Achimwene, musataye. Si mota ayi, komanso mmene mwafotokozeramo sichinafe n'komwe, zonse mwaonazo ndi zomwe chinapangidwira kuti chizichita. Imeneyo ndi kilatchi ya sipuling'i yozungulira kamodzi, pofufuza pa intaneti mulembe wrap spring clutch kapena single revolution clutch muona zithunzi zofanana ndi chanucho. Mnzanuyo wasocheretsedwa ndi mawaya awiri aja, ambiri akaona mawaya ndi bowo la shafti basi amati mota, koma mawayawo akupita ku solenoid, kabokosi kaja, ndipo ntchito yake ndi yomwe mwachita ndi chala chanu ija, kukoka kamkono kuti kachoke pa dzino.

Mkati mwa mkombero wakudawo muli sipuling'i yokulungidwa mothina kwambiri, yavala pa mitu iwiri yachitsulo yomwe yayang'anizana. Mutu umodzi ndi wolandira mphamvu, pamenepo pamamangidwa pule kapena giya ndipo umazungulira nthawi zonse mota ikangoyaka. Mutu winawo ndi womwe wagwira shafti. Nsonga imodzi ya sipuling'i yalowa mu mkombero, inayo yalowa mu mutu wa ku shafti. Ndiye taganizani chingwe chomwe mwachikulunga kangapo pa mtengo, mukakoka chimaluma mtengowo osaterereka, mukachibweza pang'ono kumene chimamasuka. Sipuling'i ija ikuchita zomwezo. Kamkono kakachoka pa dzino, mutu wozungulira uja umaikoka sipuling'i, imathina, n'kugwira mitu yonse iwiri nthawi yomweyo, ndipo katundu akamalemera m'pamene imalumitsitsa. Dzino likabwera pozungulira n'kugunda kamkono, mkombero umaima, sipuling'i imafutukuka pang'ono chabe, mwina simungaone ndi maso, basi yataya. Mota ikupitiriza zake, shafti yaima.

Kuima kwa gwa kuja mukumva pomaliza ndi buleki. Mitundu yokhala ndi kapuleti ngati yanuyo imakhala ndi sipuling'i yachiwiri yomwe imaluma pa mutu womangidwa ku puletiyo kuti shafti isapitirire ndi liwiro lake, komanso ina yoletsa kubwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake chikukukanirani. Ndiye shafti imaima pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse, kaya yazungulira kakhumi kaya kamiliyoni, kuphonya kwake sikuunjikana poti dzino ndi lomwe lija ndipo kamkono ndi komwe kaja.

Nanga m'makina a makalata chimafunikiranji? Apa ndi pomwe ine chimandisangalatsa chitsulochi. Makina akale oika makalata m'maenvelopu ankakhala ndi mota imodzi yaikulu yoyendetsa zonse kudzera m'malamba ndi matcheni, koma ntchito zake sizichitika nthawi imodzi, pepala lichoke limodzi, lipindidwe, envelopu itseguke kukamwa, pepala lilowe, chivindikiro chinyowetsedwe, chimatidwe. Simungamazimitse ndi kuyatsa mota pa envelopu iliyonse pamene makina akutulutsa masauzande pa ola, ingapse tsiku lomwelo. Ndiye mota imangozungulira, kadiso ka magetsi kakaona kuti envelopu yafika kamatumiza moto pang'ono ku solenoid, kamkono katukuka, shafti izungulire kamodzi, pepala limodzi latuluka, basi kudikira ina. Envelopu ikapanda kufika, kilatchi siigwira ndipo pepala silituluka kukagwera pachabe. Makina akale odinda chidindo cha positi m'malo mwa sitampa nawonso ankayendera nzeru yomweyi, ng'oma yodindira ija imayenera kuzungulira kamodzi kokha pa kalata iliyonse, ikazungulira kawiri ndiye kuti ndalama zadulidwa kawiri. Atsopanowa ambiri anasamukira ku mitundu ya mota yotchedwa stepper ndi servo, komwe mota iliyonse ili ndi ntchito yake ndipo kompyuta ndi yomwe imailamula, komabe makilatchi amenewa akadali m'makina olongedza katundu, omata malebulo ndi ena osindikizira, ndiye msika wake ulipo.

Tsopano kuti mudziwe kuti n'cha kampani iti komanso saizi yanji, tengani kalipa, kachipangizo koyezera bwinobwino kukula kwa bowo, muyeze bowo la shafti, osati ndi lula chonde. Mukapeza 9.5 kapena 12.7 kapena 19.05 mm, amenewo ndi mainchi, 3/8, theka ndi 3/4, ndipo nthawi zambiri zikusonyeza makina a ku America monga Pitney Bowes kapena Bell and Howell. Mukapeza nambala yoyera ngati 10, 12 kapena 20 mm yang'anani ku Ulaya, Kern ya ku Switzerland, Böwe ya ku Germany, kapena Neopost ya ku France yomwe inasintha dzina mu 2019 kukhala Quadient. Si lamulo la chitsulo koma limathandiza kuchepetsa kofufuza. Ngati pule yake ilipo mu mulu wanuwo yezaninso mano a lamba wake, ndipo osayeza dzino limodzi, werengani mipata 10. Lamba wa mtundu wa XL akupatsani 50.8 mm, wa mtundu wa 5M akupatsani 50 ndendende. Kusiyana kwake kukuoneka kochepa koma mukaika wolakwika amakwera pa mano n'kudyeka msanga.

Dziwaninso kuti makampani a makina a makalatawa ambiri sapanga okha makilatchi, amagula kwa ena monga Warner Electric n'kumatapo nambala yawoyawo. Ndiye mutha kupeza manambala awiri osiyana pa chitsulo chimodzi, ina ya pa kapepala ina yodindidwa pa chitsulo penipeni. Mukatha kuona fumbi lake monga ndifotokoze pansipa, pukutani puleti ija ndi kansalu kouma, muunike ndi tochi cha m'mbali osati molunjika, zilembo zodindidwa zimaoneka ndi mthunzi. Kapepala kofufutika nakonso mukakajambula ndi foni n'kukuza chithunzicho nthawi zina mizere ya zilembo imatuluka. Mukapeza mawu oti Pat., chidule cha patent, ndi nambala, ilembeni mu Google Patents, mupeza zojambula za mkati mwake zonse osamasula kalikonse.

Kamuvi kaja musakanyoze. Sipuling'i inakulungidwa kuti izigwira mbali imodzi yokha, ndiye pali zozungulira kumanja ndi zozungulira kumanzere, kunja zimafanana zedi, wina akagula yolakwika imangoterereka osagwira ndipo amayamba kutukwana wogulitsa. Amene angafune kugula kwa inu adzafunsa zinayi, bowo, mbali yozungulira, mavoti, ndi kuchuluka kwa mano pa mkombero, poti zina zili ndi awiri zoima pa theka, zina anayi.

Kuyesa solenoid n'kosavuta. Ikani mita yoyezera magetsi pa ma ohm muyeze koyilo, waya wokulungidwa wa mkati mwa solenoid, koyilo yabwino ya 24V ya mtundu umenewu imawerenga makumi angapo, tating'onoting'ono timafika cha m'ma 100. Ikawerenga ziro yapsa, ikapanda kuwerenga kalikonse waya waduka mkati. Ikakhala bwino lumikizani mabatire awiri a 12V motsatizana n'kugunditsa mawaya kamphindi, kamkono kayenera kuti tcha mwamphamvu n'kubwerera mukachotsa. Zambiri za 24V ndi za DC komabe suzumirani pa koyilopo ngati palembedwa. Mu soketi ya pakhoma musayerekeze.

Chimene amakaniko timalakwitsa kwambiri pa zitsulo izi ndi chifundo cha mafuta. Ukaona chakuda, dzanja limathamangira ku petulo kapena kusipuleya WD-40. Ayi. Mitu yambiri ija anaipanga ndi chitsulo cha ufa chopanikiza chomwe chinamwa kale oyilo kufakitale, mukachiviika mu petulo mwatsuka oyiloyo, mukathira girisi ndiye fumbi la mapepala limamatirira mpaka sipuling'i kuyamba kuterereka kapena kuchedwa kutaya. Burashi youma ndi mpweya basi. Chinanso, mukafuna kuchigwiritsa ntchito pa makina ena, puleti ija musaimange ndi mabawuti mpaka gwa. Muona ili ndi kabowo kotalika, mmenemo mumalowa kapini kongoletsa kuti isazungulire, iyo izisewera pang'ono. Mukaimanga zolimba mumakakamiza mabushi ndipo kilatchi imayamba kukakamira.

Fumbi lomwe lili pa chitsulocho lingakuuzeni komwe chinali musanapukute. Loyera ngati ufa ndi la mapepala, chinali kufupi ndi kodyetsera kapena kopinda. Lakuda lonyenyeka ndi la lamba. Mukaona zomatamata zouma ndi kadzimbiri ndiye chinali kumapeto komwe amanyowetsa guluu wa envelopu. Inki yofiira kapena yabuluu ikutanthauza makina odinda positi, ndipo apa ndikuchenjezeni, ngati mu muluwo muli kabokosi kokhala ndi manambala owerengera ndalama komanso chidindo cha mtovu kapena sitika yoletsa kutsegula, kameneko ndi mita ya positi, musakatsegule. M'maiko ambiri mita imalembetsedwa ku positi ofesi, ndipo ku America kuyambira kale mita imangobwereketsedwa, kasitomala sagula kuti ikhale yake. Kafunseni ku positi kaye. Kilatchi yanuyo ilibe mlandu, sungani kapena gulitsani ngati sipeya, pa sikelo ya zitsulo zakutha mungoluza.

Amisiri, ndili ndi karola ka labala kochokera pa makina opinda makalata a mu ofesi mwathu. Enawo amazungulira mofewa koma aka n'kolimba mbali zonse ziwiri ngati beringi yagwira, ndithire oyilo kapena ndigule kena? Makinawo ayamba kukoka mapepala awiriawiri.

Mayi wa mu ofesi

Mayi, oyilo ayi. Ngati kali pansi pa rola yokoka mapepala, kameneko ndi kolekanitsa, ndipo kulimbako n'kwadala, mkati muli torque limiter yomwe imakagwira kuti kasazungulire mwachisawawa. Pepala likalowa limodzi, rola ya pamwamba imakagonjetsa n'kuyendera limodzi. Akalowa awiri, mapepala okhaokha amatererekana ndiye lapansilo limatsala litagwidwa ndi karolako. Kakanakhala kofewa ndiye bwenzi tikuti kafa. Potokolani ndi zala mumve, kulimbako kukhale kofanana ponseponse osati kodukizaduka. Kukakhala choncho vuto lanu ndi labala, mwina wasalala mpaka kunyezimira. Zimitsani makina, mupukuteni ndi kansalu konyowa ndi madzi, aume, muyesenso, ndipo mapepala muziwapepesa kaye ndi chala musanawaike kuti asamatane. Zikapitirira sinthani labalayo, ndipo ndi bwino kusintha pamodzi ndi rola ya pamwamba poti zimatha limodzi.