Kusamutsa ma test kuchoka pa Python 2 kupita pa Python 3

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Pulogalamu yathu yowerengera malipiro a antchito inalembedwa pa Python 2.7 (Python ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu) pamodzi ndi ma test ake, omwe ndi timapulogalamu toyesa ngati ikugwira ntchito bwino, ndipo abwana alamula kuti tisamukire pa Python 3. Nditayendetsa ma test pa Python 3, ena alephera koma ambiri adutsa. Kodi ndikakonza olepherawo mpaka onse adutse, ndiye kuti ntchito yatha? Ndine wowerenga wanu, ku Blantyre.

YANKHO: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Abwana anu alamula bwino, pakuti eni ake a Python anasiya kusamalira Python 2 pa 1 Januwale 2020, ndipo 2.7.18 yomwe inatuluka mu Epulo chaka chomwecho inali yomaliza. Koma kudutsa kwa ma test onse si umboni wakuti ntchito yatha, ndipo ine amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi amene adutsa kalewo.

Ambiri mwa olepherawo savuta. Pa Python 3, print amafuna mabulaketi, assertItemsEqual anasinthidwa dzina kukhala assertCountEqual, mock (chida choyerekezera mbali zina za pulogalamu poyesa) analowa mu unittest (gawo la Python lolembera ma test) kuyambira pa 3.3, ndipo assertEquals anachotsedwa pa 3.12. Chida cha 2to3, chosinthira mapulogalamu a Python 2 kukhala a Python 3, chimakonza zina mwa izi, ngakhale kuti nachonso chinachotsedwa pa 3.13, choncho muchiyendetse pa Python 3 wakaleko. Ngati poyendetsa ma test mumagwiritsa ntchito chida cha nose, musamukire pa chida china cha pytest, chifukwa nose anasiyidwa kalekale ndipo sayenda pa 3.10.

Pali olephera ena amene akunena zoona, ndipo awa musawakhudze mwaphuma. Pa Python 2, 7/2 amapereka 3, pomwe pa Python 3 amapereka 3.5. Chimodzimodzinso round(2.5), amene kale ankapereka 3.0 koma tsopano amapereka 2, chifukwa nambala ikakhala pakatikati Python 3 amasankha yogawika ndi 2. Pa pulogalamu yowerengera malipiro, kusiyana kotereku ndi ndalama za munthu. Mukangosintha nambala yomwe test ikuyembekezera kuti igwirizane ndi yankho latsopano, mwatseka pakamwa mboni yomwe imakuuzani kuti malipiro asintha. Funsani a ku akaunti lamulo lomwe amatsata, kenaka mukonze pulogalamuyo, pogwiritsa ntchito // pogawa ndiponso decimal powerengera ndalama. Samalaninso ndi zilembo: mawu akuti Malaŵi, olembedwa mu UTF-8 (njira yosungira zilembo m'kompyuta), Python 2 amawawerenga kuti ndi otalika 7 chifukwa amawerenga ma byte (timagawo tosungiramo zilembo, ndipo ŵ amatenga tiwiri), pomwe Python 3 amapeza zilembo 6.

Tsopano tibwere kwa odutsawo. Pa Python 2, filter (wosankha zinthu mu mndandanda) ndi map (wochita ntchito imodzi pa chinthu chilichonse cha mu mndandanda) ankabweza mndandanda weniweni, koma pa Python 3 amabweza chinthu chomwe sichigwira ntchito mpaka wina atachiwerenga. Tiyerekeze kuti test ina inalembedwa kuti assert filter(...), pofuna kutsimikiza kuti mwa antchito onse mwapezeka amene adulidwa msonkho. Kale mndandanda ukakhala wopanda kanthu test inkalephera, koma pa Python 3 idzadutsa nthawi zonse, ngakhale pasapezeke munthu ndi mmodzi yemwe. Test yomwe inkagwiritsa ntchito map kuyesa mzere uliwonse nayonso idzadutsa osayesa mzere ngakhale umodzi. Palibe uthenga wa vuto umene udzatuluke, ndipo ndi chifukwa chake zolakwika zotere zimatha miyezi zisanadziwike. Fufuzani paliponse pamene pali map, filter ndi zip m'ma test anu, ndipo muziike m'kati mwa list() pamene pakufunika mndandanda.

Langizo langa ndi lakuti musataye Python 2.7 msanga. Yendetsani ma test pamenepo kaye, mulembe chiwerengero cha amene ayenda, amene adumphidwa, ndiponso gawo la pulogalamu lomwe afikako malinga ndi chida cha coverage. Kenaka konzani ma test kuti mafayilo omwewo aziyenda pa Python onse awiri, mothandizidwa ndi tox (chida choyendetsa ma test pa Python osiyanasiyana), ndipo kumbali ya 2.7 muike pytest 4.6, womaliza kugwira ntchito pamenepo. Chiwerengero chikatsika pa Python 3, ndiye kuti pali ma test amene sakupezeka, mwina chifukwa cha maina a mafayilo, ndipo muwalondole mpaka apezeke.

Musasinthe pulogalamu ndi ma test ake pa commit imodzi (gulu la zosintha zosungidwa nthawi imodzi), pakuti zikasokonekera simudzadziwa mbali imene yalakwa. Zonse zikadutsa, onongani dala malo angapo ofunika m'pulogalamuyo, monga kusintha peresenti ya msonkho, n'kuyendetsanso ma test pa Python 3. Ngati palibe ndi imodzi yomwe yalephera, bwererani ku ma test a gawo limenelo musanauze abwana kuti mwamaliza.