Kupeza zipangizo pa LAN ndi socket: broadcast ikupita, nanga mayankho ali kuti?

Wowerenga wina wandilembera imelo. Ali ndi tizipangizo ta ESP32 (timakompyuta ting'onoting'ono) pa Wi-Fi ya netiweki yapafupi (LAN), ndipo akufuna kuti pulogalamu yake ya Python izitipeza yokha chifukwa DHCP, yomwe imagawa maadiresi pa netiweki, imasinthasintha ma IP. Poyamba ankayesa connect() pa adiresi iliyonse kuyambira 192.168.1.1 mpaka 192.168.1.254, koma zinkachedwa. Atasinthira ku broadcast (kutumiza uthenga umodzi kwa zipangizo zonse za pa netiweki) analandira "Permission denied", ndipo atakonza zimenezo kunangoti zii. Akufunsa kuti vuto lili pati.

Zikomo pofunsa. Mwachita bwino kusiya kugogoda khomo lililonse ndi TCP. Adiresi yopanda chipangizo siyankha, choncho mukadikira sekondi imodzi pa iliyonse mumataya mphindi zoposa zinayi. Ntchito imeneyi ndi ya UDP, njira yotumizira uthenga popanda kulumikiza kaye monga TCP imachitira: mumafunsa kamodzi, zipangizo zimene zamva zimadziulula zokha.

Chipangizo chilichonse chitsegule socket (khomo lotumizira ndi kulandirira uthenga) ya SOCK_DGRAM, yomwe ndi ya UDP, chichite bind pa 0.0.0.0 (kutanthauza maadiresi onse a chipangizocho) ndi port imodzi, tinene 50000, n'kumadikira pa recvfrom(). Chikalandira mawu amene mwagwirizana, monga NDANI_ALIPO_1, chiyankhe ndi sendto() ku adiresi ndi port zimene recvfrom() yabweza. Yankho lipite kwa wofunsa yekha. Pa Linux, socket imene yachita bind pa IP yeniyeni ya makina, monga 192.168.1.20, silandira broadcast, n'chifukwa chake ndikuumirira 0.0.0.0.

Kumbali yofunsa, "Permission denied" ija imatha ndi mzere uwu:

s.setsockopt(socket.SOL_SOCKET, socket.SO_BROADCAST, 1)

Kenako settimeout(2), sendto(), ndipo muzibwereza recvfrom() mpaka nthawi ithe, chifukwa recvfrom() imodzi imabweretsa yankho limodzi basi. Musaitane connect() pa socket imeneyi. Socket ya UDP ikachita connect imangolandira zochokera ku adiresi imeneyo, ndiye mayankho onse a zipangizo zanu amatayidwa mwakachetechete.

Ngati zonsezi zili bwino koma kulibe yankho, ndimakayikira kwambiri adiresi ya broadcast ya 255.255.255.255, ngati ndi kumene mukutumiza funso. Kompyuta yokhala ndi ma interface (njira zolumikizira ku netiweki) angapo, monga Wi-Fi, chingwe, VPN, Docker kapena VirtualBox, nthawi zambiri imatulutsa paketi yotereyi pa interface imodzi yokha, ndipo mwina si imene muli zipangizo zanu. Werengerani adiresi ya broadcast ya interface iliyonse, n'kutumiza kwa iliyonse payokha. IP ya 192.168.1.20 ndi netmask 255.255.255.0 zimapereka 192.168.1.255. Musangosintha nambala yomaliza kukhala 255: 10.0.4.7 ndi netmask 255.255.252.0 zimapereka 10.0.7.255. Mu C, getifaddrs() imakupatsani ma IP ndi ma netmask. Mu Python, psutil.net_if_addrs() ndi ipaddress zikukwanirani.

Chachiwiri ndi firewall, ndipo apa pali kamsampha. Funso linapita ku 192.168.1.255, koma yankho likuchokera ku IP ya chipangizocho, monga 192.168.1.37. Firewall ya Linux yodalira conntrack (yolondola kuti yankho ndi la funso liti) siona kuti awiriwa ndi amodzi, choncho firewall ngati ufw imatseka yankholo. Chitani bind socket yofunsira pa port yokhazikika, monga 50001, ndi kuitsegula pa UDP. Windows imalola mayankho otere kwa masekondi 3 okha chitumizireni broadcast, ndiye chipangizo chochedwa chimapeza patsekedwa. Onaninso rauta: ikakhala pa AP isolation, monga zimakhalira pa netiweki ya alendo, zipangizo za pa Wi-Fi sizilankhulana ngakhale code yanu ilibe cholakwika. Ndipo broadcast sidutsa rauta, choncho zonse zikhale pa subnet imodzi.

M'malo mongoganizira, yang'anani mapaketi enieniwo. Lamulo la tcpdump -ni any udp port 50000, kapena Wireshark, pa kompyuta yachiwiri ya pa netiweki yomweyo likuuzani ngati funso likutuluka n'komwe. Pa kompyuta yofunsayo, ngati tcpdump ikuona yankho koma pulogalamu siikulilandira, wolakwa ndi firewall kapena connect() ija.

Pa Wi-Fi, broadcast ilibe ACK (chitsimikizo choti yalandiridwa), ndiye ikatayika yatayika. Tumizani funso katatu motalikitsa ma millisecond 300, ndipo chotsani mayankho obwereza. Chipangizo chidikire kanthawi kosankha mwachisawawa, pakati pa 0 ndi 200 ms, chisanayankhe, kuti zisayankhire pamodzi zonse. Uthenga usapitirire ma byte 1472, omwe amatsala pa MTU (kukula kwa paketi kololedwa) ya 1500 mukachotsa 20 a IP ndi 8 a UDP. M'yankho muikemo nambala yosasintha, monga MAC (adiresi ya khadi la netiweki), pamodzi ndi port ya TCP yolumikizirana. IP ndi ya lero lokha. Mawa DHCP ikhoza kuipereka kwa china.

Kodi nanga multicast, yomwe imatumiza uthenga ku gulu losankhidwa lokha? Zipangizo zikachuluka ndi yabwinopo, chifukwa amavutitsidwa ndi okhawo amene alowa m'gululo kudzera pa IP_ADD_MEMBERSHIP. Sankhani adiresi ya mu 239.0.0.0/8, siyani TTL pa 1 kuti paketi isadutse rauta, ndipo tchulani interface ndi IP_MULTICAST_IF, apo ayi vuto la ma interface libweranso. Pa IPv6 kulibiretu broadcast, ndi multicast basi. Mukadzalemba pulogalamu ya foni, Android imafuna MulticastLock, ndipo iOS kuyambira 14 imafunsa kaye mwini foni chilolezo cha netiweki yapafupi.

Maganizo anga ndi akuti ngati mukufuna kuti mapulogalamu a anthu ena azionanso zipangizozi, musapange protocol yanu. mDNS ndi DNS-SD, njira zodziwika zopezera zipangizo pa LAN, zolembedwa mu RFC 6762 ndi RFC 6763 mu 2013, zimagwira pa 224.0.0.251 port 5353. ESP32 ili ndi laibulale yake, ndipo Python ili ndi zeroconf. Ma TV ndi zipangizo zina za UPnP zimayankha funso lotchedwa M-SEARCH la protocol ya SSDP pa 239.255.255.250 port 1900. Njira iliyonse imene mungasankhe, aliyense wa pa LAN angathe kuyankha monamizira chipangizo chanu, choncho mukalumikiza pa TCP chitsimikizireni ndi kiyi kapena TLS musanachitumizire malamulo.