Yankho kwa achemwali ofuna kuitanitsa mbande za mphesa zopirira matenda

Achemwali, mwafunsa mmene malonda oitanitsa mbande za mphesa kuchokera ku South Africa amayendera, komanso ngati n'zoona kuti kuli mphesa zopangira vinyo zimene sizigwidwa matenda. Ndiyamba ndi funso lachiwirili, chifukwa munthu amene sanalimvetse amagula katundu wolakwika ngakhale mapepala ake atakhala olongosoka.

Palibe mpesa umene sudwala konse, koma ilipo mitundu imene akatswiri anaipanga kuti izipirira matenda awiri a nkhungu, amene eni nazale amawatchula kuti powdery mildew ndi downy mildew. Onse awiri anachokera ku America, ndipo oyambawo anafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1840 pamene achiwiriwo anafika mu 1878. Mipesa yakutchire ya ku America inazolowera kukhala nawo, koma vinyo wake anthu ambiri samukonda. Choncho akatswiri amakwatitsa mpesa wopirira ndi mpesa wa vinyo wokoma potenga mungu wa wina n'kuupaka pa duwa la winawo, amafesa njere zambirimbiri, amasankha mbande zochepa zimene zalimba, kenako amazikwatitsanso. Ntchitoyi ndi ya zaka zambiri. Mtundu wa Regent anaukwatitsa mu 1967 ku Geilweilerhof m'dziko la Germany, koma alimi analoledwa kuudzala m'zaka za m'ma 1990. Solaris anachokera ku Freiburg, ku Germany komweko, mu 1975, ndipo mu 2018 dziko la France linavomereza Artaban, Vidoc, Floreal ndi Voltis, imene bungwe la kafukufuku wa zaulimi la INRA linaipanga kuti mtundu uliwonse ukhale ndi zodzitetezera zingapo, kuti nkhungu ikagonjetsa chimodzi ipeze china chikadalipo. Mlimi amapoperabe mankhwala, kungoti mwa apo ndi apo.

Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa cha mvula. Ku Western Cape, chigawo cha ku South Africa kumene mbandezi zimachokera, mvula imagwa nthawi yozizira ndipo mphesa zimapsa kunja kuli gwa, pamene kwathu kuno imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo kukutentha, ndipo chinyezi chotere n'chimene downy mildew imafuna. Tsamba limayamba ndi timadontho tachikasu tooneka ngati padonthera mafuta, ukalitembenuza umapeza nkhungu yoyera kunsi kwake, ndipo posakhalitsa timaphava ta zipatso tauma.

Chenjerani ndi mawu akuti “yopirira” pamene mukukambirana mtengo. Mbande za ku Cape zimakhala zomezanitsa: kunsi kuli tsinde lochokera ku mipesa ya ku America, monga Richter 110 kapena Ramsey, ndipo kumtunda kuli mtundu wobereka zipatso. Njira imeneyi inafala kamba ka phylloxera, kachilombo kowononga mizu kamene kanafika ku Cape mu 1886. Tsinde lakunsilo limateteza mizu yokha, masamba siliwateteza, motero wogulitsa alembe mayina onse awiri pa invoisi. Mitundu yambiri yatsopanoyi ili ndi eni ake mwalamulo, ndipo nazale ingaichulukitse kapena kuitumiza kunja pokhapokha ili ndi chilolezo chawo. Funsani zimenezi musanapereke dipoziti.

Malonda enieniwo amayambira kuno kumudzi, osati ku Joni. Choyamba ndi chilolezo cholowetsera mbewu m'dziko, chimene chimaperekedwa ndi nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, yomwe ili ndi malo ake ku Chitedze ndi ku Bvumbwe. Chilolezocho chimatchula matenda ndi tizilombo timene katunduyo asakhale nato. Mumachitumiza kunazale, ndipo oyendera mbewu a boma la South Africa akayang'ana katunduyo amapereka chiphaso chotsimikiza kuti ndi wathanzi. Nazale zambiri za mipesa zili ku Wellington, pafupi ndi Paarl, ndipo zimamezanitsa potsatira maoda, choncho mumaitanitsa pafupifupi chaka chathunthu nthawi yonyamula isanakwane. Ine ndimagula zokhazo zili ndi chizindikiro chakuti zinayezedwa, chifukwa matenda a leafroll, amene amafalitsidwa ndi tizilombo toyera toyamwa madzi a mpesa, ndi ofala ku Cape ndipo saoneka pa mbande imene yayoyola masamba.

Mbande amazizula nthawi yozizira, cha mu Juni ndi Julaye, zili zogona. Zimabwera zopanda dothi, zomangidwa m'mitolo, mizu yake itakwiriridwa mu utuchi wonyowa, ndipo pomezanitsira pamakhala popakidwa phula. Ulendo wa pamsewu, wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Zobue mpaka pachipata cha Mwanza, ndi wa makilomita pafupifupi 3,000, ndipo galimoto ikaima pamzere ku Beitbridge kapena m'kutentha kwa ku Tete, mbande zimaphukira m'bokosi momwemo kapena mizu imauma. Ngati oda ndi yaing'ono, ndege ndi yabwino ngakhale ili yokwera mtengo. Pa Mwanza ejenti amakiliya katunduyo ku MRA ndipo oyendera mbewu amatsegula mabokosi. Dziwaninso kuti njira yofewetsa malonda ang'onoang'ono ya COMESA sigwira ntchito apa popeza South Africa si membala wa bungwelo, motero chimene mumafuna ndi chiphaso cha SADC chosonyeza kumene katundu wachokera.

Ena adzakuuzani kuti n'kosavuta kungodula nthambi m'munda wa bwana ku Cape n'kuzibisa m'chikwama. Chonde musachite zimenezo. Tonse tinaona mmene matenda a chisaka anathera nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo matenda otere amayenda mtunda wautali m'mbewu zimene anthu amanyamula popanda kuziyeza.

Pa za phindu, katunduyu si wogula n'kumayembekezera makasitomala, chifukwa akafika ayenera kulowa m'nthaka m'masiku ochepa. Pezani kaye alimi, alipire gawo la ndalama, ndipo muwauze poyera kuti mpesa umayamba kubereka bwino m'chaka chachitatu ndiponso kuti mtundu wopangidwira nyengo ya ku Germany uyenera kuyesedwa kaye pa mizere yochepa asanadzale munda wonse.