Kodi mafuta a kapenta amachokera kuti?

Funso: Ndimagulitsa kapenta wa ku Cahora Bassa pamsika wa ku Ulongwe, ku Angónia. Mwana wanga wa kusekondale akuti mafuta amene amatsala papepala lokulungira kapenta amayambira mu ndere. Kodi n'zoona? Ndine mayi wa ku Ulongwe.

Yankho: Mayi, mwana wanuyo akunena zoona, ndipo mumulimbikitse. Ndere zimene akunena si zija zoterera pamiyala ayi, koma tizomera ta selo imodzi toyandama m'madzi, tosaoneka ndi maso, timene tikachuluka timabiriwitsa dziwe. Tizilombo tating'ono ta m'madzi timadya nderezi, kapenta n'kudya tizilomboto, ndipo umu ndi mmene amapezera mafuta a omega-3, amene thupi la nsomba limapanga ochepa palokha. Kapentayo kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika: anaikidwa mu Kariba mu 1967 ndi 1968, kenaka anatsika ndi Zambezi mpaka ku Cahora Bassa.

Chimene chimandigometsa ine ndi mmene kaselo kamodzi ka ndere kamasinthira kagwiritsidwe ntchito ka mafuta. M'madzi mukakhala nayitrojeni wokwanira (chakudya cha zomera chimene chimapezekanso mu feteleza), kamakula n'kugawikana msanga osasunga zambiri. Nayitrojeni akachepa kamaleka kugawikana, koma popeza dzuwa likuwalabe, chakudya chimene kakupanga kamachisandutsa timadontho ta mafuta, monga mlimi amatutira chimanga m'nkhokwe. Nayitrojeni akabwerera kamatsegula nkhokwe ija, n'kumadula mafutawo maatomu awiri a kaboni nthawi iliyonse kuti kapeze mphamvu zokulira. 

Kuzizira nakonso kumasintha zinthu. Mwaonapo mafuta a ng'ombe ataundana mumphika m'mawa wa mwezi wa June, pamene mafuta a m'botolo akuyenderabe. Madzi akazizira, ndere zimachulukitsa mafuta osaundanawo kuti khungu la selo lisaume, ndipo omega-3 ali m'gulu limeneli.

Tsono mafuta amtunduwu sachedwa kuwonongeka ndi mpweya, kutentha ndi dzuwa, n'chifukwa chake kapenta wokhalitsa amayamba kuwawa ndi kununkha. Akangouma bwino, musungeni pamthunzi pouma, ndipo pabenchi muziikapo wochepa amene mungagulitse tsikulo, wotsalayo akhale m'thumba lomanga.