Za timawaya totsala m'mimba mwa bambo aang'ono

Mayi aang'ono, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu, loti adokotala akuti polumikiza matumbo a bambo aang'ono agwiritsa ntchito stapler, makina aja okhoma timawaya m'malo mosoka ndi ulusi, ndiye mukuopa kuti zitsulo zitsala m'mimba. Eee, zitsaladi, koma mtima ukhale m'malo.

Ndi timawaya tating'ono kwambiri, ta titanium, chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo thupi sililimbana nacho. Mnofu umangomera n'kutikuta. Chimene ine chimandigometsa ndi kapindidwe kake. Makinawo akatsina, kawaya kalikonse kamapindika ngati chilembo B. Ndiye kamagwira, koma sikafinya mnofu mpaka kufa ayi, magazi amadutsabe m'timipata tiwiri tija kukafika m'mphepete mwa bala. Pamenepo pakapanda magazi matumbo sangagwirane, Mayi. Atsopanowa ena amakhoma mizere itatu ya timawaya tosiyana msinkhu, ena amayendera batire kuti dzanja la dokotala lisagwedezeke podula.

Si zinthu zoyesera pa iwo izi. Stapler yoyamba inapangidwa ku Hungary mu 1908 ndi dokotala wotchedwa Hümér Hültl, chinali chimakina cholemera makilogalamu oposa atatu, kungolongamo timawaya kunkatenga pafupifupi maola awiri. Lero amangotsegula paketi, zonse zili kale m'malo.

Tsono poti chotupa chimene akukachotsa m'matumbocho chili kumunsi kwenikweni, kumene manja a dokotala amavutika kusoka, pali stapler ina yozungulira imene amalowetsera kochitira chimbudzi, imalumikiza mbali ziwirizo kamodzi n'kamodzi. Imeneyi yapulumutsa anthu ambiri kuti asakhale ndi thumba lotulukiramo chimbudzi pamimba moyo wonse. Komabe muwafunse adokotala ngati adzawaike thumba la kanthawi, chifukwa nthawi zina amatero kuti polumikizapo papole bwino. Ndi bwino bambo adziwiretu, asadzadzidzimuke akatsitsimuka.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi. Polumikiza pamatha kudontha, kaya asoka ndi ulusi kaya ndi makina. Sabata yoyambayo mukaona thupi latentha, mimba ikutupa, ululu ukuwonjezeka m'malo mochepa, kapena mtima ukuthamanga, musadikire kuti kuche, itanani anesi nthawi yomweyo. Ngati muli kale kunyumba, bwererani kuchipatala.

Timawaya totsekera bala la pakhungu, ngati ayika, ndi tina, amadzachotsa pakatha sabata imodzi kapena awiri. Mundiuze tsiku akakupatsani, ndidzaimba usiku wake tidzapemphere limodzi.